Muvi wa pa Silinda ya Gasi

Gasi anatha Lachiwiri masana, mpunga uli pakati pa kupsa ndi kusapsa. Pauline, wophika wamkulu pa kaloji kena ka ku Senga Bay, anangomva moto ukuti phu, phu, kenaka zii. Anapotokola apa, napotokola apo, koma mbaula zonse zinali zitazima. M'holo munali aphunzitsi a sayansi a m'masekondale a m'boma la Salima, amene anabwera kudzachita maphunziro a sabata yathunthu. Munthu wa pa wekishopu mukumudziwa: akhoza kukhululukira amene wamubera mbuzi, koma osati amene wamuchedwetsera nkhomaliro.

Manijala wa lojiyo anali Bwana Davie, mnyamata wokonda mashati oyera ndi mawu akuti sisitimu. Iye asanabwere, kuseri kwa khitchini kunkakhala masilinda awiri aakulu, ina ikugwira ntchito, inzake ikudikira. Davie anati kumeneko n'kugoneka chuma. Anakagula ku Lilongwe kawotchi ka muvi umodzi, kobiriwira mbali ina, kofiira mbali inayo, nakamangirira pakamwa pa silinda. Anasonkhanitsa antchito onse n'kuwaphunzitsa kuti gasi akatha theka muvi udzafika pakati, ukayandikira pofiira ndiye kuitanitsa wina. Anati imeneyo ndi sayansi ya ku Fomu 3, yosafuna mtsutso. Silinda yodikira ija anaibweza, yotsalayo anaitsekera m'kakhola ka zitsulo. Kiyi wina anapatsa Pauline, wina anapatsa Che Abbas, bambo wachikulire amene ankatsuka mapoto ndi kusesa kuseriko.

Tsono Lachiwirilo Davie analowa m'khitchini foni ili m'manja, nkhope itachita kutupa.

"Amayi a Tikondwe, taonani chithunzi ichi. Ndajambula ndekha lero m'mawa. Muvi uli pati?"

"Pobiriwira, bwana."

"Dzulo unali pati? Sabata yatha?"

"Pomwepo."

"Ndiye silinda yodzaza m'mawa, masana mulibe kanthu. Mwaphika njovu?"

Pauline anayamba waseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Koma Davie sanaseke. Anati akudziwa kuti Loweruka kunyumba kwa Pauline kuli chinkhoswe cha mwana wake Tikondwe, ndipo akudziwanso kuti mayiyo anabwereka timasilinda ting'onoting'ono tophikira alendo. Anati masiku ano anthu anachenjera, amapopera gasi kuchoka m'silinda yaikulu ndi kapaipi. Zonsezi anazinena mokweza, atsikana operekera zakudya ali chilili pakhomo, mathireyi ali m'manja.

"Mukunditchula wakuba ine?" anafunsa Pauline.

"Sindinatchule munthu. Muvi ndi umene ukunena. Mawa m'mawa ndibwera ndi apolisi tidzaone kunyumba kwanu."

Mpunga uja Pauline anaumalizira pa makala, ukali utamudzaza. Anapsa chala osamva n'komwe. Zaka zonse zimene anaphika pa lojiyo sanatulukepo ndi anyezi ngakhale mmodzi m'chitenje, pomwe ena ankatuluka ndi nkhuku zathunthu iye akuona. Lero kamnyamata kobadwa dzana, kosadziwa n'kukazinga dzira komwe, kamuimike pagulu? Chimene chinamuwawa koposa chinali chakunyumba. Kumeneko kunali kutadzaza kale abale ochokera kumudzi, ena akusinja, ena akupeta. Akuchimuna anali anthu a tchalitchi, bambo ake a mnyamatayo mkulu wa mpingo. Galimoto ya apolisi ikangoima pakhomo paja, ngakhale asapeze kanthu, Tikondwe adzalowa m'banja ali mwana wa mayi wakuba, ndipo dzina lotero silichoka ndi sopo.

Aphunzitsi atadya n'kubwerera m'holo akung'ung'udza, Pauline anakhala pa kreti kuseri n'kuyamba kuganiza. Gasi wapita, zimenezo n'zoona. Muvi sunganame, si munthu. Iye sanabe. Nanga kiyi winayo ali ndi yani? Maganizowo anayenda okha ngati madzi otsetsereka, ndipo pofika kumapeto mtima wake unali utapeza pogwera. Anadzuka, nakagogoda ku ofesi.

"Bwana, kiyi sindili naye ndekha."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ine m'mawa ndimakhala kumsika. Amene amatsala kuseri kuja ndi Che Abbas. Mufunseni iyeyo."

Tisamunamizire Pauline kuti ananena zimenezi akudziwa kuti ndi bodza. Ankakhulupirira ndithu. Koma tisamuyeretsenso: sanaone kapaipi, sanaone kasilinda, sanaone kalikonse. Anangoona moto ukubwera kwa iye n'kuukankhira kwa mnzake.

Lachitatu apolisi sanabwere. Epuloni ya Abbas inali pa msomali, mwini wake kulibe. Davie anafika akumwetulira, nanena kuti nkhalamba ija yavomera yokha, ndipo poti iye ndi munthu wachifundo wangoichotsa ntchito osaitengera kupolisi. Eni loji ku Lilongwe anali atawauza kale pafoni, ndipo anamuyamikira chifukwa cha sisitimu yake.

Apo ndiye Pauline analusa zenizeni. Munthu amene ankamusungira mitu ya chambo! Munthu amene pa Ramadhani ankamupatulira chakudya chofuturu, chomasulira kusala madzulo, n'kumamuuza kuti apume iye atsuka yekha mapoto! Tsiku lonselo anakhalira kunena. Anauza atsikana operekera zakudya, anauza mlonda, anauza dalaivala amene amakagula nsomba m'madoko. Amati anthu ofatsa ndi amene amakupha, ndipo kasikofiya kake ka kumutu kanali kongobisira mphenzi. Akanakhala pafupi Abbas tsiku limenelo, akanamva zosayenera kumva munthu wa imvi.

Lachinayi m'mawa kunabwera silinda yatsopano, kawotchi kaja n'kumangiriridwanso. Nthawi ya tiyi mphunzitsi wina, Mayi Stella, anazungulira kuseri kudzapempha madzi otentha oti amwere mankhwala. Anali mayi wonenepa, wa magalasi, woseka ndi thupi lonse. Anapepesa kuti Lachiwiri lija iye ndi amene anadandaula kwambiri za nkhomaliro.

"Musapepese, madamu," anatero Pauline. "Anatibera gasi. Silinda yodzaza m'mawa, masana mbee. Muvi uwo ndi umene unamugwira wakubayo."

Mayi Stella anasuzumira m'kakhola muja, nayang'ana kawotchiko, nayang'ananso Pauline.

"Silinda imeneyo munali mutaphikira nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata ndithu. Kuyambira mwezi watha."

"Muvi osasuntha?"

"Osasuntha. Mwina dzuwa likatentha umakwera pang'ono."

"Ndiye inu simunadabwe kuti mukuphika tsiku ndi tsiku koma gasi sakuchepa? Mumayesa ndi mafuta a mayi wamasiye wa m'Baibulo uja?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Pauline kuseka kunathera panjira. Anafunsa ngati pali munthu amene wavutika nazo. Atamva za Abbas anavula magalasi, napempha kuti aitane manijala.

Davie anabwera akukonza kolala, poganiza kuti ndi dandaulo la chakudya. Mayi Stella anamufunsa chimene kawotchiko kamayeza. Iye anayankha monyadira kuti kamayeza mphamvu imene gasi akukankhira m'kati, ndipo gasi akachepa mphamvuyo imachepanso.

"Mwayankha bwino, ndikanakuchongani," anatero mayiyo. "Koma ameneyo ndi mpweya wa m'buku. Timayamba kuphunzitsa umenewo chifukwa masamu ake ndi osavuta. Timati tizidutswa ta mpweya n'tating'ono kwambiri moti sititenga malo, ndiponso sitikokana. Tili ngati anthu osadziwana pa depoti, aliyense zake. Mpweya wotero mukachotsako theka, kukankha kwake kumatsikanso theka. Koma mpweya wotero kulibe, achimwene. Weniweni umangofanana nawo ukakhala pamtetete, wotentha, wosapanikizika. Ukaupanikiza, tizidutswa tija timayandikana, timakokana, mapeto ake timagwirana n'kusanduka madzi. M'silinda umu muli madzi. Mpweya uli pamwamba pokha."

"Madzi?" anatero Pauline.

"Osati akumwa. Gasi yemweyo, koma wamadzimadzi. Inu mukayatsa mbaula, mpweya wa pamwamba uja umatuluka, madzi aja amawira pang'ono n'kubwezeretsa umene watuluka. Ndiye kukankha kumakhala komweko, muvi pomwepo, kaya madziwo ali m'khosi kaya atsala chikho chimodzi. Tsiku limene dontho lomaliza lauma, muvi umagwa kamodzi n'kamodzi."

Davie anati zimenezo n'zongolankhula. Mayi Stella sanakangane naye. Anauza Pauline kuti asazimitse mbaula, natenga ketulo ya madzi ofunda n'kuthira m'mbali mwa silinda kuchokera pamwamba. Kenaka anagwira dzanja la Pauline n'kuliyendetsa pachitsulopo. Kumtunda kunali kofunda. Atatsika pang'ono, chitsulo chinazizira mwadzidzidzi, ngati pali mzere.

"Pamene payambira kuzizira, ndi pamene palekeza madzi. Mukafuna kudziwa gasi wotsala, chitani chonchi, kapena ikani silinda pa sikelo. Kawotchi aka kangokuuzani kuti gasi watha, atatha kale. Palibe anaba, amayi. Munaphikira nokha mpaka kutha."

Pauline anasiya dzanja lake pachitsulo pozizira paja nthawi yaitali. Atatembenuka anapeza Davie akuyang'ana nsapato zake.

"Koma anavomera yekha," anatero Davie.

"Anavomera chiyani, poti panalibe chobedwa?" anafunsa Pauline. "Munamuuza chiyani mu ofesi muja?"

Davie anathokoza Mayi Stella mwaulemu wonse, nawaperekeza mpaka pakhomo la holo. Atabwerako anamasula kawotchi kaja mwakachetechete n'kukaika m'thumba la buluku, ngati munthu wotola ndalama ya mnzake. Anati kuyambira sabata yamawa masilinda akhalenso awiri.

"Nanga Che Abbas?"

"Nkhani imeneyo inatha, amayi."

"Inatha kwa yani? Muwaimbire eni loji. Mupite kwawo ku Chikombe mukanene pamaso pa anthu kuti munthu uja sanabe."

"Ndikawauze mabwana kuti chiyani? Kuti ndinachotsa munthu chifukwa cha kawotchi kogula ndekha? Mukufuna achotse ine?" Anatsitsa mawu. "Ndipo musaiwale amene anabwera kudzagogoda ku ofesi kwanga. Ine dzina la Abbas sindinalilote."

Pauline anali ndi chipande m'manja, ndipo Mulungu yekha ndi amene anagwira dzanja limenelo. Anamuuza Davie kuti ndi mbuli yovala shati loyera, kuti sayansi yake ya theka yadya munthu, kuti mwamuna weniweni akalakwa amavula chipewa. Ananena zambiri, zina zosalembeka. Koma mawu aja a kugogoda anali atamulowa ngati munga wa kankhande, ndipo kukalipa konseko sikunawazule.

Foni ya Abbas sinkapezeka. Lachisanu m'mawa, m'malo mokhala pakhomo kukonzekera chinkhoswe kapena kupita kuntchito, Pauline anakwera minibasi ya ku boma, kenaka ina yolowera kumpoto, n'kumalizira pa njinga yamoto. Anafika ku Chikombe dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuwotcha kudzera m'masilipasi. Amuna ambiri anali kumzikiti. Munthu wina wosoka ukonde anamuuza kuti Abbas anawoloka dzulo kupita pa chilumba cha Mbenji kukagwira ntchito kwa asodzi.

"Boti lopita kumeneko linyamuka nthawi yanji?"

Munthuyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu mlendo eti? Pa Mbenji sipaponda munthu wamkazi, mayi. Chikhalire. Ngakhale mutalipira boti lonse, palibe angakukwezeni."

Chilumbacho chinkaoneka bwinobwino, kadontho kakuda pamadzi. Pauline anachiyang'ana mokwiya ngati kuti nachonso chachita dala. Kenaka anafunsa njira ya kunyumba kwa Abbas.

Mkazi wa Abbas, Rukiya, anali kutembenuza utaka pa thandala kuseri kwa nyumba. Anali mayi wamng'ono thupi, wa maso akuthwa, mpango utakulunga mutu wonse. Atamva kuti mlendoyo ndi amayi a Tikondwe a ku loji, anasamba m'manja mofulumira, nayala mkeka watsopano pamthunzi, nabweretsa madzi m'kapu yagalasi imene mwachionekere inali ya alendo okha.

Pauline anafotokoza zonse za silinda, za madzi a m'kati, za muvi wosasuntha. Anafotokoza mosokoneza, koma mutu wake unamveka: gasi sanabedwe.

"Zimenezo mukuuza ine?" anatero Rukiya. "Ine ndinadziwa kale. Bambo aja akatola ndalama pamsewu amayenda nayo mudzi wonse kufunsa mwini wake."

"Nanga anavomereranji?"

"Bwana wanuyo anawauza kuti mmodzi wa inu awiri agona kupolisi, koma akavomera iwo nkhani ithera mu ofesi momwemo. Ndiye iwo, ndi uchitsiru wawo, akuti amayi aja ali ndi chinkhoswe Loweruka, apolisi akafika pakhomo pawo mwana awonongekera ukwati. Akuti ine ndine nkhalamba, ndilibe choluza. Alibe choluza! Ndinawafunsa kuti nanga ife ndife chiyani, miyala?"

Mawu ake anayamba kukwera. Anati nkhani siinathere mu ofesi ayi. Dalaivala wa ku loji anafika nayo padoko Lachitatu lomwelo, Abbas asanatsike n'komwe minibasi. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Mtsikana wawo wotsiriza anabwerako ku madrasa akulira, anzake akumuimba kuti mwana wa wakuba gasi. Kumzikiti munthu amene wakhala akuswali pambali pa Abbas kuyambira unyamata wawo anasuntha n'kukaima mzere wina. Ndi chifukwa chake bamboyo sanadikire n'komwe Ijuma, mapemphero a Lachisanu.

"Ndipo pa Mbenji mukudziwa lamulo lake, wakuba amamuthamangitsa tsiku lomwelo. Mwini boti wawatenga chifukwa ndi msuweni wanga, ndachita kumugwadira. Wati kukangosowa kanthu, ngakhale supuni, woyamba kutsika ndi iwowo. Munthu wa msana wovuta, anasiya kukoka ukonde wa chilimira ana athu ali aang'ono, lero akukapa madzi m'boti, anyamata akubisa mafoni akamadutsa."

Pauline anagwira kapu ija ndi manja awiri.

"Koma bwana wanuyo ine ndilibe naye mawu ambiri," anapitiriza Rukiya. "Ndi mwana, ndipo ndi chitsiru, Allah adzamuona. Amene ndikumufuna ine ndi wina. Bwanayo anawauza bambo kuti pali munthu amene anabwera kudzawatchula dzina. Anakana kunena kuti ndi ndani. Ameneyo ndi amene anatipha. Munthu wodya nawo mbale imodzi, wodziwa kuti bambo aja sangabe, n'kupita kukagogoda kwa bwana. Wallahi, sindigona. Bambo akuti zisiye, ine ndakana. Ndikuganizira mlonda uja, Wilson. Anakanganapo chaka chatha za tochi. Mawa ndikwera minibasi, ndikamuimirira pageti pomwepo, anthu onse a ku Senga Bay akamve chimene iye ali."

Anasendera pafupi, nagwira bondo la Pauline.

"Inu mumakhala m'khitchini, mumamva zonse. Bambo amati pa loji ponse paja munthu ndi inu nokha. Tandiuzani, ndi Wilson eti?"

Kunali kosavuta. Kungogwedeza mutu, kapena kungoti sindikudziwa, n'kutsanzika, n'kukafika kunyumba nthawi yabwino yothira thobwa m'zidebe. Wilson akanakana, Rukiya sakanamukhulupirira, ndipo mlonda uja akanasenza katundu amene sanamange, monga anasenzera Abbas. Pauline anaona njira yonseyo mpaka kumapeto kwake, ndipo anazindikira kuti ndi yomwe ija anayenda Lachiwiri. Mkwiyo umene anakhala akuuponyera Davie, Abbas, kawotchi ndi chilumba unasowa kwina kopita. Anaika kapu pansi.

"Si Wilson."

"Nanga ndani?"

"Ndine."

Rukiya sanachotse dzanja msanga. Anamuyang'ana ngati sanamve, kenaka dzanja lija linabwerera lokha pang'onopang'ono.

"Ndinaopa apolisi," anatero Pauline. "Ndinaganiza kuti poti si ine, ndiye ndi iwo. Sindinaone kanthu. Ndipo dalaivala uja anamva kwa ine."

Nkhuku inadumphira pa thandala n'kuyamba kujompha utaka, koma palibe anaiingitsa. Kumzikiti anthu anali atayamba kutuluka, mawu awo akumveka m'njira kuseri kwa mpanda. Rukiya anaimirira, nakonza mpango wake.

"Chinkhoswe chija chilipobe mawa?"

"Chilipo."

"Chiyende bwino. Bambo anachilipira." Anatola kapu ija n'kukhuthulira madzi otsalawo pamchenga. "Akutuluka ku Ijuma awo, mudzi wonse uli panjira apo. Pitani mukawauze zimene mwandiuza inezi, mokweza, monga munauzira dalaivala. Koma choyamba dzukani pa mkeka wanga."